Mtanda Wofiira pa Khoma la Amake Mapasa

Mtandawo unali pakhoma la kuchipinda, wofiira, penti yake itachucha mpaka pamaziko. Ndayang'ana mitanda moyo wanga wonse ndipo uliwonse umandikhazika mtima pansi, koma uwu sunatero. Pansi pake analembapo mawu amodzi okha: Lachisanu.

Linali Lachitatu m'mawa. Amake mapasa, neba wanga wa zaka khumi ndi ziwiri, anaima pambali panga atagwira kalata ya khonsolo ndi nsonga za zala ngati ikuwawotcha. Amuna awo tinali titawaika m'manda Loweruka lapitalo. Mabenchi a pamaliro anali asanabwezedwe n'komwe kutchalitchi.

"A Mita, tawerenganinso inuyo," anatero. "Mwina ine ndikuwerenga ndi misozi."

Amanditcha a Mita chifukwa ndinagwira ntchito yowerenga mamita a madzi zaka makumi atatu ndi chimodzi ndisanapume. Ndinavala magalasi n'kuwerenga. Kalatayo inkati nyumba yawo yalowa mafiti khumi ndi awiri mumsewu watsopano wopita kunyumba zomwe kampani ina ikumanga kuseri kwathu, ndipo katapila adzagumula mbali yolowayo Lachisanu, nthawi ya eyiti koloko.

"Mbali yolowayo ndi zipinda zonse ziwiri," anatero. "Khoma limenelo ndi lomwe lanyamula denga. Ana ndipita nawo kuti, bambo? Kwathu kulibe aliyense."

Pamene tinkabwera kuno kunali minda ndi tinjira ta mbuzi. Lero phiri lonse lavala malata, ndipo m'mawa uliwonse malole a mchenga amadzutsa makanda. Sindidana nazo. Anthu ayenera kugona penapake. Koma kampaniyo itafika ndi chikwangwani chake cha nyumba makumi asanu ndi atatu, malo anayamba kupanikiza ngati nsapato yonyowa.

"Tiyeni tikaone bikoni," ndinatero.

Bikoni ndi kachipilala kafupi ka simenti kosonyeza malire a puloti. Yakutsogolo inali pamalo ake m'mbali mwa ngalande. Yakumbuyo inali kumapeto kwa pulotiyo, muudzu wouma wofika m'chiuno. Wina anali atakoka chingwe chachikasu kuchokera pa ina kufika pa inzake, ndipo chingwecho chinkagunda khoma la kuchipinda n'kutulukira kuseri.

"Sinali pamenepa," anatero amake mapasa.

"Inali pati?"

"Cha uko. Kapena uko. Sindikudziwa, a Mita. Zimenezi ankadziwa ndi bambo awo a ana. Ine kuno ndinkangobwera kudzayanika zovala."

Mutu wa bikoniyo unali wakale ndithu, wakuda ndi dzuwa, nambala yake itafufutika mbali ina. Ndinatsamira ndodo yanga yachitsulo, yomwe ndinkatsegulira zivundikiro za mamita, kuti ndiwerame bwino. Ndodoyo inalowa pansi mpaka theka.

Ndinaizula n'kubaya poteropo. Inalira ngati yagunda mwala. Ndinabwerera pa bikoni, inalowanso ngati m'phala.

Mvula inali itasiya miyezi isanu yapitayo. Mapaipi onse a dera lino ndimawadziwa ngati mitsempha ya m'dzanja langa, ndipo pamenepo sipadutsa paipi. Ndinagwada n'kufukula ndi zala. Pamwamba panali fumbi louma ndi zinyalala zoyalidwa bwino. Pansi pake dothi linali lozizira, lonyowa, ndipo nditafika pa konkire wogwira bikoniyo ndinamupeza wobiriwira, wosalala, wopanda mng'alu ngakhale umodzi.

"Mumatayira madzi kuno?"

"Madzi oti n'kutaya ndiwatenga kuti? Mipope yauma sabata yachitatu ino."

"Ndiye pali munthu akuithirira bikoni imeneyi."

* * *

Kupolisi ndinapeza sajeni, bambo wonenepa wa maso otopa, akupukuta chipewa chake ndi mkono wa malaya. Anandimvetsera mpaka kumapeto, ndimuyamikire pamenepo.

"Madala, mwandibweretsera dothi," anatero. "Dothi sindingalitsekere. Za malire n'za khonsolo. Mukandibweretsera munthu, tidzayankhulana. Lachisanu ndidzakhala komweko, andiuza kale kuti ndikalondere katapila."

"Kulondera katapila? Angamube ndani?"

"Timalondera kuti anthu ngati inu musagone kutsogolo kwake."

Ofesi ya kampaniyo inali kontena yopakidwa penti yoyera, pachipata cha nyumba zatsopano. M'katimo munkakhala wogulitsa mapuloti, yemwe tonse timamutcha a Taye chifukwa samavula taye ngakhale dzuwa likuswa mwala. Anandikokera mpando, anandithirira madzi ozizira m'tambula, anandiitana kuti akulu a mpingo.

"Chisoni chathu n'chachikulu, akulu a mpingo. Ife ngati kampani timalemekeza anthu amasiye. Koma chitukuko chili ndi mzere wake, mwamva? Mzere sulira."

"Bikoni yakumbuyo ili ndi konkire watsopano."

"Zoona? Mwina malemuwo anaikonza asanadwale. Anthu ena amasamala zinthu."

"Malemuwo anagona pamphasa miyezi inayi. Loweruka munali kuti, bambo?"

Anaseka ndi mano onse. "Kulikulu, pamsonkhano wa ogulitsa, kuyambira seveni mpaka faifi. Anthu makumi anayi anandiona, zithunzi zilipo. Komanso taonani." Anatambasula manja ake patebulo. Anali ofewa ngati a mwana wobadwa dzulo. "Amenewa angagwire piki?"

Sanafunse chifukwa chomwe ndatchulira Loweruka. Ndinazisunga mumtima.

Ndikutuluka ndinaima pamapu aakulu omwe anakhomedwa pakhoma. Tsidya lina la msewu watsopanowo, moyang'anizana ndi amake mapasa, panali puloti nambala wani, pomwe panali patamangidwa kale nyumba yosanja ya mpanda wautali. Ndinaiyang'ana nyumbayo pawindo, ndinayang'ananso mapu. Mpandawo unali utadya msewu. Kuti malole adutse, msewu unayenera kudya wina.

* * *

Wopima malo wa khonsolo anali mtsikana wamtali, wovala majombo afumbi. Ndinamupeza pakhonde la ofesi akudya mkate ali chiimire, mafayilo atawapana kukhwapa.

"Ine ndinayeza kuchokera pa mabikoni omwe ndinawapeza," anatero mwachangu. "Lolemba ndinali ndi mapuloti khumi ndi asanu. Makina aakulu ali kokonzetsa. Ndinakoka tepi, ndinalemba, ndinapita."

"Nanga bikoni ikakhala kuti yasunthidwa?"

"Mulembe kalata yopempha kuyezanso. Imatenga masabata atatu."

"Mwana wanga, katapila akubwera mkuja."

Anasiya kutafuna. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anayang'ana pansi.

"Konkire watsopano si umboni, agogo. Anena kuti inkagwedera, anaikonza. Koma akale aja akamaika bikoni, ankayamba kukhoma chitsulo chachitali pansi penipeni, kenako n'kumanga pamwamba. Woba malire amazula mutu, chitsulo chimatsala. Mundionetse chitsulo chakalecho chili m'nthaka, ine ndiimitsa katapila ndi dzanja langali. Popanda chimenecho sindingathe."

"Chili pati?"

"Amadziwa ndi amene anazula."

Pobwerera ndinayenda wapansi, ndikuganiza. Wakuba wamba akadaponya simenti m'dzenje n'kuthawa. Koma konkire watsopano amafuna madzi m'mawa uliwonse kwa masiku asanu ndi awiri, apo ayi amang'aluka. Anthu ambiri amadziwa zimenezo. Ochita ndi ochepa. Wochita zimenezo pa ntchito yakuba, pa nyengo yoti madzi ndi ogula, ndi munthu yemwe manja ake sangamulole kusiya ntchito yake iwonongeke, ngakhale ntchitoyo ikhale tchimo.

Madzi m'dera lathu lonse ankatuluka pampopi umodzi, wa mayi wina wogulitsa madzi pafupi ndi chigayo. Mayiyo pakamwa pake sipauma ngati mpopi wakewo.

"Eee, a Mita, mwabwera kudzandiwerengera? Munapuma inu, tisiyeni tidye. Tsekani apo inu, chidebe chadzaza, mukufuna ndimwe ndine? Mwati chani, bambo?"

"Ndati alipo amene wayamba kugula madzi sabata ino yemwe sakhala mbali ino?"

"Onse ndi a mbali ino, ngakhale agalu awo ndimawadziwa. Kupatula a Levulo. Iwo aja amakhala kutsidya kwa mlatho, koma chiyambire Lamulungu ndi oyamba pamzere, zigubu ziwiri panjinga. Ndinati, alamu, kwanu mipope yaumanso? Akuti ayi, ndikuthirira manda a achimwene. Ndinamva chisoni, tsiku loyambalo sindinawalipiritse."

A Levulo ndi mmisiri womanga nyumba, mng'ono wawo wa malemu, mlamu wawo wa amake mapasa. Dzinalo linabwera chifukwa sayenda popanda levulo m'thumba, kachipangizo koonera ngati khoma lawongoka. Akalowa m'nyumba ya munthu amayamba kuyang'ana ngodya asanapereke moni. Kukwaya amaimba besi, ndipo ndakhala naye benchi limodzi zaka zambiri.

"Akatunga amalowera kuti?"

Mayiyo anatukula dzanja kuloza, kenako dzanjalo linaima m'malere.

"Kumanda n'kumtunda," anatero, mawu atatsika. "Iwo amatsetsereka. Mwina amazungulira. Ine sindinanene kanthu, a Mita."

* * *

Madzulo ake ndinapeza amake mapasa akumanga mbale m'nsalu. Mapasawo, atsikana a zaka zisanu ndi chimodzi, anali pakhonde kusewera ndi chingwe chachikasu chija.

"Mwapitako kumanda chiikireni?" ndinafunsa.

"Dzulo. Ndinapita kukawauza malemu za kalatayi." Anamanga mfundo n'kuikoka. "Simenti ya pamandapo yang'aluka, a Mita. Ming'alu itatu. Ndinadabwa, ntchito ya alamu sichita choncho. Ndinati mwina chisoni chinawasokoneza manja."

Ndinkakumbukira Loweruka. M'tchalitchi, titaimba nyimbo yoyamba, besi inalipo, yolemera ngati nthawi zonse. Pa nyimbo yachiwiri inasowa. Wina ananong'ona kuti a Levulo atsogola kumanda ndi matumba a simenti kuti akakonzeretu. Mwambo wa m'tchalitchi unatenga maola atatu. Msewu wathu wonse unali m'menemo, pakhomo panalibe ngakhale nkhuku yoona. Ndipo titafika kumanda ndi bokosi, a Levulo anali akungotsitsa kumene wilibala, thukuta lili kamukamu.

"Mwapeza chiyani?" anandifunsa.

"Ndikuuzani mawa."

Ndinapempherera zinthu zambiri pamoyo wanga, koma tsiku limenelo ndinapempha chinthu chachilendo. Ndinapempha kuti ndikhale wolakwa.

* * *

Lachinayi kutangoyera ndinakhala pa mulu wa njerwa kuseri kwa udzu uja. Sindinadikire nthawi yaitali. Njinga inabwera ikukankhidwa, zigubu zikugundana. A Levulo anagwada pa bikoni, anachotsa zinyalala ndi dzanja, anapalasa fumbi pambali. Anathira madzi pang'onopang'ono mozungulira, osathamanga, kudikira kuti alowe, n'kuthiranso. Kenako anapapasa konkireyo ndi chala chachikulu monga mayi apapasa mutu wa mwana wodwala.

"Wagwira bwino?" ndinafunsa.

Sanadzidzimuke. Anangotseka chigubu.

"Wagwira," anatero. "Atsala masiku awiri."

"Manda a mkulu wako ang'aluka."

"Ndikudziwa. Ndinafika pachipata cha kumanda Lamulungu, n'kubwerera."

Ndinakhala pansi pambali pake. Anali atawonda, kolala ya malaya ikulendewera. Ndi munthu yemwe anandimangira chimbudzi changa osalandira kanthu pamene mkazi wanga ankadwala.

"Chifukwa chiyani, mbale wanga?"

"Miyezi isanu ndi itatu, a Mita. Nyumba zikumera paliponse, ine ndilibe ntchito. Makampani amabwera ndi anthu awo. Ndinamanga theka la dera lino, lero ndimaima pachipata ngati wopempha. A Taye anandiitana. Akuti nyumba khumi ndi ziwiri zikhala zanga, kuyambira maziko mpaka denga. Akuti alamu awapatsa nyumba yatsopano kumtundako, yamatailosi."

"Unakhulupirira?"

"Ndinafuna kukhulupirira." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Lolemba nditaona mtanda uja ndinathamangira kukontena. Akuti nyumba yanji? Akuti ukatsegula pakamwa, wozula bikoni ndi iwe, ine ndinali kumsonkhano."

"Nanga unkathiriranji? Ukanaisiya, sindikanadziwa."

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa.

"Ikanang'aluka," anatero.

"Ndionetse pomwe pali chitsulo chakale."

"Ndikakuonetsani ndiye kuti ndavomera. Ndi ndende imeneyo. Ndili ndi ana anayi, a Mita."

"Awa ndi awiri, ndipo bambo alibe. Nyumba imeneyi munamanga awiri ndi mkulu wako. Ine ndinkakupatsirani njerwa. Mulungu amene timamuimbira uja sanaiwale malire a mkazi wamasiye, ukudziwa iwe."

"Musandilalikire. Ndadzilalikira ndekha masiku asanu." Anaimirira, anamangirira zigubu panjinga. "Sindingathe. Mundikhululukire, sindingathe."

Ndinagwira chishalo cha njinga. Anachotsa dzanja langa mwaulemu, chala chimodzichimodzi, n'kupita.

* * *

Ndinawauza amake mapasa ali kukhitchini. Sanalire. Madzi a pamoto anawira mpaka kusefukira.

"Ananyamula bokosi popita kutchalitchi," anatero. "Anali kutsogolo, mbali ya kumutu."

Kenako anatuluka, anatenga khasu.

Ndinathamangira kupolisi. Sajeni anatuma wapolisi kutsidya kwa mlatho, koma a Levulo sanawapeze, akazi awo akuti sanabwerere chichokereni m'mawa. "Mawu anu okha ndi mawu a nkhalamba," sajeni anandiuza. "Iye akakana, ndatsala ndi dothi lomwe lija." Wopima malo analonjeza kubwera Lachisanu, koma anabwereza zomwe ananena kale.

Tinakumba tsiku lonse. Ndinayeza mafiti khumi ndi awiri kuchokera pa bikoni, tinakumba, panalibe. Ndinayeza mopingasa, panalibe. Mzere ukapendekeka pang'ono kutsogolo, kumbuyo umathawa kutali, ndipo ine ndine wowerenga mamita, si wopima malo. Nthaka inali ngati chitsulo. Amayi atatu a kukwaya anabwera ndi makasu awo. Wina anatchera udzu. Ndinabaya ndi ndodo yanga paliponse kufuna pofewa, koma amene anakwirira dzenje lakalelo analitsendera ngati maziko a nyumba yosanja.

Pofika madzulo tinali ndi maenje khumi ndi anayi. Manja a amake mapasa anali atatuluka matuza, matuzawo ataphulika. Anapitiriza kukumba.

"Mayi, pumani."

"Ndikapuma ndiganiza."

Dzuwa likulowa tinayamba kutulutsa katundu. Bedi, kabati, makina osokera, zonse tinaziika pabwalo langa n'kufunditsa pulasitiki. Mmodzi wa mapasa anandifunsa ngati katapila amagumulanso zithunzi za pakhoma. Ndinamuuza kuti zithunzi tichotsa. Anati chojambula chawo n'cha pakhoma penipeni, anajambula ndi bambo awo ndi makala. Ndinawagwira manja onse awiri tinapemphera, ndipo mawu anga ankatuluka ouma ngati mipope yathu.

* * *

Katapila anafika nthawi isanakwane, atakwezedwa palole. Anthu anadzaza msewu. A Taye anaima patali pafupi ndi galimoto yawo, taye yabuluu, foni kukhutu. Sajeni anabwera ndi apolisi awiri. Wopima malo anayenda m'maenje athu onse, kuyang'ana limodzilimodzi, kenako anabwera kwa ine akupukusa mutu.

"Pepani, agogo."

Amake mapasa anakhala pakhomo la nyumba, ana ali m'mbali mwawo.

"Mayi, dzukani," anatero sajeni. "Musandichititse zomwe sindikufuna."

"Mundinyamule."

Anawanyamuladi, apolisi awiri, mofatsa, iwo osalimbana. Amayi a kukwaya anatenga ana. Woyendetsa katapila, bambo wachikulire wa chipewa chaulusi, sanayang'ane aliyense. Analiza injini. Nthaka inanjenjemera pansi pa mapazi athu. Chitsulo chake chachikulu chinakwera, chinasendera, chinagunda khoma pamwamba pa mtanda uja. Pulasitala anagwa. Mng'alu unathamanga kuchokera pawindo kutsika pansi.

Pamenepo ndi pomwe woyendetsayo anaponda buleki, chifukwa munthu anali atadutsa pansi pa chitsulocho, piki ili paphewa.

Anali a Levulo. Zovala zinali zadzulo zomwe zija, udzu uli m'tsitsi. Anapita pangodya ya nyumba, anaika chidendene pamaziko, anayang'ana mtengo wa magetsi wa patsidya, n'kuyamba kuyenda akuwerenga mapazi. Anadutsa maenje athu onse. Anaima pamalo pomwe ife tinaunjikapo dothi lokumba, analikankha ndi phazi, n'kukweza piki.

"Sajeni, mchotseni munthu ameneyo," anatero a Taye. "Ndi woledzera. Tili ndi ndondomeko ya nthawi."

"Akukumba kunja kwa chingwe chanu," anatero sajeni. "Sakutsekereza kanthu."

"Ndiye woyendetsa apitirize."

Woyendetsayo anazimitsa injini n'kutulutsa fodya. "Kukhosi kwauma," anatero. "Ndipume kaye."

Tinkangomva piki. Inamenya kakhumi, kakhumi ndi kasanu. Kenako inalira mawu ena.

A Levulo anagwada, anafukula ndi manja. Wopima malo anathamanga n'kugwada pambali pake. M'dzenjemo munali mutu wa chitsulo chadzimbiri, chokhuthala ngati chala chachikulu cha kuphazi, zidutswa za konkire wakale zitachizungulira. Mtsikanayo anachigwedeza, sichinasunthe. Anakoka tepi kufika pa bikoni yakutsogolo, anayang'ana m'fayilo, anakokanso kachiwiri. Anaimirira n'kukweza dzanja kwa woyendetsa katapila.

"Pakirani," anatero. "Nyumbayi ili m'malo mwake. Wolowa mumsewu ndi mpanda uwo."

A Levulo anapita kwa sajeni, anatulutsa levulo m'thumba n'kundipatsa ine, kenako anatambasula manja.

"Ndinazula ndine, Loweruka, anthu ali m'tchalitchi. Simenti inali ya pamanda. Anandituma ndi awo."

Tonse tinatembenuka. A Taye anali atatsegula kale chitseko cha galimoto, koma lole ya katapila inali itatseka msewu kutsogolo, ndipo kumbuyo kunali mayi wa pampopi ndi mzere wake wonse wa zidebe.

"Bwana, tiyeni tikamwe madzi ozizira kuofesi kwathu," anatero sajeni. "Mukationetsenso zithunzi zija."

Popita nawo kugalimoto ya polisi anadutsa pafupi ndi amake mapasa. A Levulo anaima.

"Alamu," anatero.

Mayiyo anayang'ana manja ake ophulika matuza. Sanatukule mutu. Wapolisi anamukankha pang'ono a Levulo, anapitirira.

* * *

Masana tinabweza katundu. Tinalowetsa kabati, makina osokera, mbale. Titafika pa bedi, amake mapasa anati tiliike pabalaza kaye.

Tinalowa kuchipinda awiri. Mng'aluwo unkaoneka bwino m'kati, wotambalala moti dzuwa linkalowa n'kugwa pansi ngati ulusi. Ndinalowetsamo chala, chinalowa chonse. Pamwamba, mtanda wa denga unali utatsika pang'ono.

"Ligwa?" anafunsa.

"Lero ayi. Koma mvula isanabwere pafunika mmisiri."

"Mmisiri wodziwa khoma ili ndi mmodzi."

"Alipo ena."

"Ena adzangomata pamwamba." Anakhala pansi, msana atatsamira khoma linalo. Kwa nthawi yoyamba sabata yonseyo ndinawaona akulira, mwakachetechete, pakamwa atatseka kuti ana asamve. Ndinakhala pakhomo n'kuwasiya. Mumtima ndinkayamika, koma chiyamiko chake chinali cholemera, sichinkakwera.

Atatha anapukuta nkhope ndi mpango.

"Mupita kukamuona?"

"Mawa m'mawa."

"Mukamufunse kuti mng'alu wotere amatseka bwanji. Afotokoze zonse, mulembe papepala. Mchenga wochuluka bwanji, zitsulo zingati." Anaimirira, anagwira tsache. "Ine sindipita. Musamuuze kuti ndakhululuka, a Mita, chifukwa ndinu munthu wosanama. Mungomuuza kuti ana agona m'nyumba."